Kope la a Makwinja ndi Nkhuku Yanga Yakuda

Malemu amuna anga, amene anagwira umesenjala m'maofesi a boma kuno ku Zomba nthawi ya chipani chimodzi, anandichenjeza kuti ndisamataye nthawi kuopa munthu waphokoso. Ankati waphokoso mfuti yake imakhala italira kale. Woopsa ndi uja amakhala phee pakhonde, maso ali pa iwe, m'thumba la malaya muli cholembera. "Ukamuona wotere, mkazi wanga, um'patse moni wam'mawa basi. Moniwo usathiremo mchere." Iwo anali ataona anzawo awiri akunyamulidwa pa desiki chifukwa cha zimene munthu wina analemba m'kope.

Mawuwo ndinawasunga. Ndiye taganizani mmene mtima wanga unachitira pamene amuna anga atangomwalira, dziko litangoyamba za matipate, m'nyumba yoyandikana nane kuno ku Matawale munalowa bambo wamtali, waimvi m'mbali mwa makutu, amene ntchito yake inali yomweyo: kukhala pakhonde, kuyang'ana, kulemba. A Makwinja. Dzinali si lawo lenileni, ndipo mayina onse muno ndawasintha, musadzivute kukafunsa kumsika.

A Makwinjawo tawaika m'manda mwezi wathawu. Anapita bwino, masana, atadya, ali pampando wawo. Ine ndinalira monga neba wa zaka pafupifupi makumi atatu, koma ndisanamize Mulungu, pansi pa misozi yanga panali mantha. Makope aja ankalembamo pakhonde. Anadzadza katoni yonse, ndipo ndinkadziwa kuti m'limodzi mwa iwo muli tsiku limene ndinatsala pang'ono kumupha neba wanga wina, a Nangondo. Osati ndi mpeni ayi, koma pomutchula kuti ndi mfiti. Nkhaniyo ankaidziwa a Makwinja okha. A Nangondo alipo mpaka lero, ndipo ndi iwo amene amandiperekeza kuchipatala kukatenga mankhwala a bipi. Ana a malemu akawerenga makopewo, nkhani n'kutuluka, ine nkhope ndikanaiika pati?

Koma ndiyambe ndakuuzani kuti anali munthu wotani.

Asanapume ntchito anali mphunzitsi wa aphunzitsi. Ankawaphunzitsa saikoloje. Nditawafunsa tsiku lina kuti chimenecho n'chiyani, n'kunena kuti ndamva kuti ndi phunziro lodziwira za mumtima mwa munthu, anagwedeza mutu ngati ndawaponda pachala. Anati za mumtima iwo sanazionepo, ndipo sadziwa munthu amene anazionapo. Chimene iwo ankaphunzitsa ndi zimene munthu amachita, ndiponso chimene chimachitika asanachite ndi atachita. Basi. Ankati pakamwa pa munthu ndi wailesi, umangomva zimene mwini siteshoni wafuna. Ukafuna kum'dziwa, tseka wailesiyo, uyang'ane mapazi ake kumene akulowera.

Apa ndiye anandigwira. Ine sindinakhulupirirepo munthu chibadwire, ndipo sindinkadziwa kuti khalidwe langali ena analipitira kusukulu.

Ankaweta nkhunda kuseri kwa nyumba. Akagogoda chitini kawiri ndi supuni, zonse zinkatera pamapazi pawo, ngakhale zimene zinali pa denga la tchalitchi kutali uko. Ina yamawanga anaiphunzitsa kuzungulira kamodzi isanajomphe mapira. Anthu a m'dera lathu ankanong'onezana kuti mkuluyu ali ndi zitsamba. Iwo ankangoti chitsamba chake ndi mapira ndi kudekha. Sanali munthu wokalipa. Ana a sukulu ya ukachenjede amene ankachita lendi kuseri kwawo akasokosa ndi nyimbo, iwo sankatuluka. Ankadikira tsiku limene anyamatawo akhala chete, n'kuwapititsira nkhunda ziwiri zosula kale. Ankati zikomo wochedwa ndi wa pamaliro, wamoyo um'thokoze pomwepo manja ake asanaume.

Ineyo anandichitanso zomwezo, ndipo zinanditengera zaka kuti ndizindikire. Tsiku limene ndawapatsa moni wouma uja, kunalibe kanthu. Tsiku limene ndaonjezerapo mawu awiri, kaya kufunsa za mwendo wawo, magwafa ankapezeka pampanda m'kambale. Nditazindikira ndinapsa mtima zedi.

"Bambo Makwinja, kodi mwandiyesa nkhunda yanu ine?"

"Ayi aneba, musadzikweze. Nkhunda zimaphunzira msanga."

Za kumene nzeru zawozo zinachokera ankakonda kufotokoza masana, ine ndikusankha nyemba kumbali kwanga kwa mpanda. Ankati nkhaniyi ndi yakale. Kunali Mfalansa wina amene ankati nyama zonse ndi makina chabe, ukaikhudza apa imagwedezeka apo, koma munthu yekha ndiye ali ndi mzimu. Kenako kunabwera Mngelezi wina amene anati mwana amabadwa ngati sileti losalembapo kanthu, ndipo zimene aona, amva, akhudza, ndizo zimalemba pang'onopang'ono mpaka akhale munthu amene tikumudziwa. Patapita zaka zambiri, ophunzira a ku Jeremani anafuna kuyeza maganizo monga timayezera ufa pasikelo. Ankamukhazika munthu m'chipinda, kumuonetsa kuwala kapena kumumvetsa kaphokoso, n'kumuuza kuti adziyang'ane m'kati anene chimene wamva. Uyu ankanena izi, winayo zina, ndipo akakangana panalibe wowaweruza, poti m'kati mwa mnzako mulibe zenera. Pofika apa a Makwinja ankaseka mpaka kutsokomola. Ankati zinali ngati anthu awiri akukangana kuti walota bwino ndani.

Ndiye kunali dokotala wina wa ku Rasha amene sankafufuza n'komwe za maganizo, ankafufuza mmene chakudya chimagayikira m'mimba mwa agalu. Iye anaona kuti agaluwo ayamba kuchucha dovu chakudya chisanafike, akangomva mapazi a wowapatsa. Dovu limayezeka, ankatero a Makwinja, silifuna kuti galu akuuze zakukhosi. Za agaluzo zitamveka ku Amerika, munthu wina wolimba pakamwa anati tileke kufunsa anthu zimene akumva m'kati, tiziwerenga zimene akuchita, ndipo anadzitama kuti atapatsidwa makanda athanzi akhoza kulera wina akhale dokotala, wina wakuba, monga wafunira. A Makwinja ankavomera kuti pamenepa munthuyo anapyola muyezo. Ankanenanso mosabisa kuti munthu yemweyo anaphunzitsa dala kamwana kena kuopa khoswe woyera pomenya chitsulo kumbuyo kwake, n'kukasiya ndi manthawo. Ankati tchimo limenelo ndi la kumtundu kwawo kwa a saikoloje, ndipo salikana.

Pa zinthu ziwiri tinkakangana mpaka nyemba kutayika. Choyamba chinali cha sileti. Ine ndabereka ana asanu, ndinawauza, ndipo wachitatu anatuluka m'mimba ali kale ndi mkwiyo wa agogo ake aamuna. Ndani analemba pamenepo? Iwo ankati mwina ndinkamunyamula msanga akalira mokuwa. Ndinkawauza kuti adzabereke kaye.

Chachiwiri chinali chachikulu. Ndinawauza kuti nthawi ya chipani chimodzi tonse tinkavina, tonse tinkaomba m'manja, tonse khadi m'thumba. Munthu wa kope atakhala pamenepo n'kumalemba zochita zathu, akanalemba kuti tonse tinali okondwa. Koma ine ndikudziwa chimene chinali mwa ine ndikuvina, ndipo tsiku la referendamu chinatuluka. Ndiye musandiuze kuti m'kati mulibe kanthu. Tsiku limenelo sanaseke. Anapukuta magalasi awo. Kenako anati sananenepo kuti mulibe kanthu, anangoti iwo alibe makwerero olowera mmenemo. Anaonjezera kuti aphunzitsi achinyamata a masiku ano amawaseka, amati nzeru za agalu ndi nkhunda zinapitidwa kale, ndipo mwina ndi zoona. Koma anati iwo anakulira m'dziko limene anthu ankafa chifukwa wina wanena kuti akudziwa za mumtima mwawo, kuti uyu sakonda boma, uyu ndi mfiti. Pa iwo, kukana kuweruza zimene sunaone chinali chifundo. Mkanganowu sitinaumalize mpaka apita.

Tsopano nkhani ya nkhuku.

Mwana wanga wamkazi atapeza ntchito ku Blantyre anandisiyira mdzukulu, Thoko, wa zaka ziwiri ndi theka. Nyengo ya mvula chaka chimenecho mwanayu anadwala malungo aakulu, tinagona naye m'chipatala sabata yathunthu, majakisoni m'mawa ndi madzulo. Anachira, tinabwera kunyumba. Koma pasanapite nthawi anayamba chinthu chachilendo. A Nangondo, amene nyumba yawo ili kumunsi kwa yanga, ankadutsa pabwalo panga popita kumsewu, ndipo ankakonda kuwerama kumugwira mwana patsaya. Tsiku lina atangowerama, Thoko anakuwa ngati wapsa ndi moto, anauma thupi lonse, maso mwaa, mpaka kudzikodzera. Patapita masiku zinachitikanso. Kachitatu ndinati basi, ndaona. Mwana amaona zimene akulu sitiona. A Nangondo anali wamasiye, ana awo awiri anamwalira motsatizana, ndipo anthu anali atayamba kale kuwayang'ana cham'mbali. Ine ndinangolumikiza.

Ndinali nditamva za sing'anga wina wokhala m'mbali mwa phiri, chakumtunda kwa msewu wokwera kuja, amene ankatchula mfiti ndi dzina ukam'pititsira nkhuku yakuda. Ndinkadziwa bwino chimene chimatsatira dzina likatchulidwa. Ndinali nditaonapo nyumba ya gogo wina ikugendedwa mpaka malata kubooka, mwini wake n'kuthawira kwa achibale osabwereranso. Ndinkadziwa, koma ndinkafuna.

Lachisanu masana ndinaphulika pampanda. Sindikudziwa chifukwa chake ndinauza munthu amene amuna anga anandiletsa kumuthirira mchere pamoni. Ndinanena zonse, dzina la a Nangondo, mawu oipa amene sindingawalembe pano, za sing'anga, za nkhuku. A Makwinja anamvetsera osandidula. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope.

"Aneba, mwanayu wakuwa kangati?"

"Katatu."

"Eya, nanenso ndamva katatu. Masiku ake mukuwakumbuka?"

"Ndiziwerenga masiku mwana akufa?"

"Lachinayi. Lachinayi. Lachinayi. Pomwe mayiwa adutsa pabwalo panu tsiku lililonse, ndipo dzana Lachitatu anamupatsa mwana chinangwa, iye analandira. Ufiti wanji umenewu wogwira ntchito tsiku limodzi pasabata? Ngakhale a boma sachita ulesi chonchi."

"Musandiseke, bambo."

"Sindikuseka. Ndipatseni masabata atatu. Zikakanika, nkhukuyo ndidzakunyamulirani ndine."

Ndinati chabwino. Koma m'mawa mwake, Loweruka, ndinamusiya mwana kwa mlamu wanga, ndinagwira thadzi langa lakuda, kuliika m'dengu, n'kuuyamba ulendo wa kuphiri.

Amene munakwerapo msewu umene uja wapansi mukuudziwa. Umakhota ngati ukuthawa munthu. Ndinakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo, akuthamanga kaphazi kaphazi, ndi anyamata a njinga zodzadza matabwa akugwira mabuleki ndi nsapato. Nditafika pamene kamadzi kamadutsa pansi pa msewu, mitengo ya paini itayamba kununkhira, ndinakhala pamwala kuti ndipume. Tauni yonse inali pansi panga, madenga ngati timabokosi ta machesi. Ndinayesa kupeza denga la a Nangondo, sindinathe kulisiyanitsa ndi langa. Nkhuku inali phee m'dengu. Mawu aja a Lachinayi ankangobwerabwera ngati ntchentche. Ndinakhala pamenepo mpaka mwala unandizizira, kenako ndinadzuka n'kuyamba kutsika.

Mukandifunsa chimene chinandibweza, sindinganene motsimikiza. Mwina ndi mawu a a Makwinja, mwina ndi mawondo angawa amene anali atayamba kale kundivuta. Pofika kunyumba ndinawapeza ali pakhonde, cholembera m'manja. Anandiyang'ana, anayang'ana dengu, analemba. Sanandifunse kanthu.

Lolemba m'mawa anatuluka atavala jasi loyera la nthawi imene ankaphunzitsa, n'kubwera pabwalo panga kudzawerama pamaso pa Thoko. Mwana anakuwa mpaka agalu a m'dera lonse anayankha.

"Mwaona aneba?"

"Ndaona. Ndiye kuti inunso ndinu mfiti."

Anaseka, anavula jasilo, ndipo pasanathe nthawi mwana anali pamiyendo pawo akuseweretsa magalasi. Apo m'pamene anandikumbutsa chimene ndinkachiona sabata ndi sabata osachiona. Lachinayi a Nangondo ankapita ku msonkhano wa amayi a kumpingo kwawo atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera. Kumpingo kwathu sitivala zoyera. Ndipo kuchipatala kuja, aliyense wovala zoyera amene anawerama pa mwanayu anabwera ndi jakisoni.

Anapita okha kwa a Nangondo kukabwereka bulauziyo. Anawauza za jakisoni, za ine sanatchule. Tinkaiyanika kutali, pachingwe cha kumapeto kwa bwalo, nthawi imene Thoko akudya chitumbuwa chake ali pamwendo panga. Mawa lake tinkaisendeza pang'ono. Tsiku lina tinafulumira, mwana analira, a Makwinja anati tabwerera m'mbuyo masitepe awiri, vuto ndi lathu osati lake. Anandiuza kuti njirayi sinali yawo, inayambidwa ndi mayi wina wophunzira wa ku Amerika komweko, amene anaona kuti ngati mantha amaphunziridwa ndiye kuti akhozanso kuchotsedwa. Sabata yachitatu isanathe, Thoko ankapukutira manja a mafuta pa bulauzi ya eni ake. Lero ndi mayi wa ana awiri, amagulitsa matailosi ku Limbe, ndipo za zoyerazo sakumbukako n'komwe.

Kuchokera pamenepo a Makwinja sanaitchulenso nkhaniyo, ngakhale kwa ine. Koma ine sindinagone tulo pa iwo. Akaima pamsewu kucheza ndi a Nangondo, tsache langa linkaima. Akaseka awiriwo, ndinkati basi, wanena. Tikakangana za sileti zija n'kufika powawa, ndinkadikira kuti lero aponya. Zaka zonsezi ndinali mlonda wa pakamwa pawo, ndipo pakamwapo sipanatseguke.

Maliro atatha, mwana wawo wamkulu, Linesi, anayamba kulongedza katundu. Ndinapita ngati wokathandiza kusesa, maso ali pa katoni.

"Mwanawe, mapepala amenewa anyowa muno, dengali limadontha. Bwanji ndikusungireni kwathu?"

"Tengani agogo, ngakhale kuyatsira mbaula. Ife tawerenga kale onse ndi achimwene, usana wonse wa dzulo. Mulibe kanthu. Nkhunda, nkhunda, mvula, inuyo."

"Ineyo?"

"Eee, muli ponseponse. Aneba asesa. Aneba apita kumsika. Kaya ankakufunani adadi, sitikudziwa."

Katoni ndinanyamula ndekha. Ndinatseka chitseko, ndinavala magalasi, ndinafufuza masiku awiri mpaka ndinapeza kope la chaka chija. Pa Lachisanu lija, tsiku limene ndinasanza mawu onse oipa, panalembedwa chonchi: "Aneba abwera pampanda, ayankhula nthawi yaitali. Yamawanga yaikira." Pa Loweruka: "Aneba atuluka m'mawa ndi nkhuku yakuda m'dengu, kulowera kuphiri. Abwerako dzuwa lili paliwombo. Nkhuku ili moyo."

Basi. Dzina la a Nangondo panalibe. Liwu lija la ufiti panalibe. Zimene ndinanena, zimene ndinkafuna, zonse anazisiya kumene ankati alibe makwerero. Analemba kuti ndinapita, n'kulemba kuti ndinabwerera. Ndinakhala pansi pa simenti n'kupuma ngati munthu amene watula mtolo umene anaiwala kuti wasenza. Ndinalira kachiwiri, ndipo ulendo uno ndinalirira iwo.

Chodabwitsa n'chakuti nditadziwa kuti palibenso angaulule, chinsinsicho chinayamba kundiyabwa. Sabata yatha, tikuchokera kuchipatala, ndinawakhazika a Nangondo pakhonde panga, ndinawawerengera mizere ija, n'kuwauza zonse zimene a Makwinja sanalembe. Anakonza duku lawo, anayang'ana kuphiri, anandiyang'ana ine.

"Ndiye munafika pati?"

"Pa kamadzi paja."

"Ha! Ndi miyendo yanuyo? Munalimba, amwali. Nanga nkhukuyo inathera kuti?"

"Tinadya pa Khirisimasi."

"Osandigawirako, chonsecho inali yanga?"

Anaseka, koma misozi inkatsika, ndipo pochoka sanatsanzike. Masiku awiri sanadutse pabwalo panga. Tsiku lachitatu anadutsa, anaponya mkwani pakhomo n'kunena kuti chitosi cha nkhuku zanga chawatopetsa, ndizimange. Ndinadziwa kuti tapulumuka.

Nyumba ya a Makwinja ili chotseka. Mpando anautenga Linesi, pakhonde pangotsala timabala tinayi pamene miyendo yake inadya simenti. Makatani anachotsa, ndiye mazenera amangoyang'ana opanda chikope. Udzu wayamba kumera m'mphepete mwa masitepe, ndipo masana khondelo limakhala ndi abuluzi okhaokha. Akuti mwezi wamawa mulowa ana a sukulu, anthu amene amayenda maso ali pafoni, amene ukhoza kugwa pabwalo iwo n'kukulumpha.

A Nangondo nawonso mwana wa mchemwali wawo akudzawatenga kuti akawaone maso ku Lilongwe, ndipo sakudziwa kuti abwera liti. Choncho inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa ku Matawale, pali nyumba ya geti la malata ofiira pafupi ndi mpope wa madzi. Gogodani. Sinditsegula msanga, ndiyamba ndakusuzumirani pazenera, ndipo mwina ndikufunsani kawiri kuti ndinu a kwa yani. Musakhumudwe n'kuchoka. Imani pomwepo mpaka mumve loko akulira.